Foni Itasanduka Nyumba Youlutsira Mawu

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikukamba za foni ya m'manja ndi momwe yasinthira kayendedwe ka nkhani m'mayiko amene akukwera kumene. Ulendowu uyambira ku Kenya.

Pa 30 Disembala 2007, bungwe loyendetsa chisankho m'dzikolo linalengeza kuti Mwai Kibaki wagonjetsa Raila Odinga. Tsiku lomwelo Kibaki analumbiritsidwa mwachangu, ndipo nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, John Michuki, inaletsa mawailesi onse, a mawu ndi a kanema omwe, kuulutsa zinthu pompopompo pamene zikuchitika. Ku Eldoret, ku Kisumu ndi ku Kibera nyumba zinali zitayamba kupsa, koma munthu wotsegula wailesi sakanadziwa msewu woti n'kudutsa ndi woti n'kuupewa. Chimene chinatsala m'manja mwa anthu ndi foni. Ankatumizirana mameseji: kwakutikwakuti atchinga msewu, musadzereko, abale athu athawira ku tchalitchi chakuti, sitolo yakuti ikadali ndi ufa.

Loya wina wa ku Kenya komweko, Ory Okolloh, ankalemba pa tsamba lake la pa intaneti zimene anthu ankamuuza, mpaka mauthenga anamuchulukira. Anapempha odziwa za kompyuta kuti amuthandize, ndipo Erik Hersman, David Kobia ndi Juliana Rotich anavomera. Pasanathe masiku ambiri, mu Januwale 2008, anakhazikitsa Ushahidi. Kagwiridwe kake kanali kosavuta: munthu waona chinthu, watumiza meseji, ndipo nkhani yakeyo yaikidwa pa mapu a dzikolo kuti aliyense aone kuti chachitikira pati komanso liti. Patapita zaka ziwiri, chivomerezi chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, njira yomweyi inagwiranso ntchito. Anthu ofuna thandizo ankatumiza uthenga ku nambala ya 4636, ndipo anthu a ku Haiti okhala kunja ankamasulira mauthengawo kuchoka m'Chikiliyo kuti opulumutsa anthu amve.

Koma mafoni omwewo ku Kenya ananyamulanso mauthenga olimbikitsa mtundu wina kuukira unzake. Boma linaganizapo zotseka mameseji onse. Michael Joseph, amene ankatsogolera kampani ya Safaricom, anakana maganizowo, ndipo m'malo mwake kampaniyo inatumiza mauthenga opempha bata kwa makasitomala ake. Zipolowezo zinapha anthu oposa 1,100, ndipo ena oposa 500,000 anathawa m'makomo mwawo.

Zimene zinaoneka ku Kenya m'masabata amenewo zakhala zikubwerezeka m'mayiko ambiri. Kale nkhani inkachokera ku likulu n'kumatsikira kumudzi. Foni inatsegula njira yakuti nkhani ichokere kumudzi n'kukwera ku likulu, kapenanso ichoke mudzi uno kupita mudzi winawo osadzera ku likulu n'komwe.

Pafunika kukumbukira momwe zinthu zinalili foniyi isanabwere. M'mayiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia, lamya ya mawaya inali ya maofesi a boma, mahotela ndi nyumba za mabwana, ndipo wofuna kuikitsa kunyumba ankadikira zaka. Nyuzipepala inkasindikizidwa mumzinda waukulu, kawirikawiri m'chilankhulo cha atsamunda akale. Kuno ku Malawi, The Daily Times ndi The Nation ndi za ku Blantyre ndipo zimalembedwa m'Chingerezi. Chichewa chakhala chikupezeka m'masamba ochepa a Tikambe ndi Tamvani kumapeto kwa sabata, komanso m'nyuzipepala ya Fuko. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Nthalire nthawi zambiri ankakumana ndi nyuzipepala ataikulungiramo zitumbuwa, nkhani zake zitatha ntchito kalekale. Chimene chinkafika paliponse ndi wailesi, ndipo kwa zaka zoposa 30 wailesi ya dziko lonse inali imodzi yokha, MBC.

Kampani ya TNM inayamba ntchito mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, kenako inasintha dzina kukhala Zain, ndipo mu 2010 inakhala Airtel. Poyamba foni inali chizindikiro cha munthu wopata, yomangirira palamba kuti onse aione. Pofika pa kalembera wa 2018, mabanja opitirira theka m'dziko muno anali ndi foni ya m'manja, pamene okhala ndi wailesi anali pafupifupi banja limodzi pa mabanja atatu alionse.

Wina akhoza kuthamangira kunena kuti basi foni yapha wailesi. Si choncho. Mafoni otchipa a Itel ndi Tecno, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China, anakonzedwa moganizira munthu wokhala kutali ndi magetsi: batire lokhala masiku angapo, tochi, malo a makadi awiri kuti netiweki ina ikathawa inayo igwire, ndiponso wailesi ya FM m'kati momwemo. Banja limene linauza owerenga anthu kuti lilibe wailesi mwina madzulo omwewo linamvera nkhani za 7 koloko pa foni ya mabatani. Wakabaza amamvera mpira ali pa siteji, mayi wogulitsa tomato amamvera zamaliro ali pa benchi. Kumvera FM pa foni sikudya mayunitsi ngakhale tambala imodzi. Foni yangoichotsa wailesi pa shelefu ya pabalaza, pamene bambo yekha ndiye anali ndi mphamvu yoitsegula, n'kuiika m'thumba la aliyense. Yaipatsanso chimene inalibe, chomwe ndi yankho la womvera. Mapulogalamu oimba foni, amene lero akumveka ngati achikhalire, ndi amene anayamba kuchititsa phungu kapena mkulu wa khonsolo kuyankha funso la munthu wamba dziko lonse likumva.

[Nyimbo pang'ono]

Chitsanzo chofunika kuchisinkhasinkha bwino chili ku India, m'chigawo cha nkhalango cha Chhattisgarh. Kumeneko kumakhala anthu a mtundu wa Gond ndi mitundu ina yakale ya m'derali. Olankhula chilankhulo cha Gondi ndi oposa 2 miliyoni, koma nyuzipepala za kumeneko zimalembedwa m'Chihindi, ndipo ambiri mwa anthuwa sadziwa kuwerenga. Malamulo a India kwa nthawi yaitali sanalole mawailesi omwe si a boma, ngakhale a m'madera, kuulutsa nkhani zawozawo. Ntchitoyo inali ya All India Radio. Derali lakhalanso pa nkhondo ya pakati pa boma ndi zigawenga zotsatira mfundo za Mao. Atolankhani a ku Delhi ankabwera kukaphulika bomba, n'kuwerenga mitembo, n'kubwerera.

Shubhranshu Choudhary anakulira m'dera lomweli, n'kudzagwira ntchito ku BBC. Atabwerera kwawo anapeza kuti ena mwa anzake a kusukulu alowa m'tchire kukamenya nkhondo. Iye anaona kuti gwero lina la mkwiyo wawo linali losavuta kulimvetsa: panalibe wowamvera. Mjigo ukawonongeka, mphunzitsi akasiya kubwera kusukulu, kapitawo akadya malipiro a anthu, panalibe koti akanene m'chilankhulo chawo.

Mu Febuluwale 2010, mothandizana ndi katswiri wa kompyuta Bill Thies, anayambitsa CGNet Swara. Sipafunika intaneti, sipafunika foni yamakono, sipafunika kudziwa kulemba. Munthu amaimba nambala imodzi. Akadina batani la 1 amajambulitsa mawu ake, akadina la 2 amamvera zimene ena ajambulitsa. Pambuyo pake anakonza zoti munthu angoflasha, makinawo n'kumuimbira okha, kuti wosauka asataye mayunitsi.

Pakati pa wojambulitsa ndi womvera pali akonzi. Uthenga ukalowa sumveka nthawi yomweyo. Atolankhani ophunzitsidwa amayamba aumvera, kumuimbira mwini wake, kufunsa ena a m'mudzimo, n'kuona ngati zili zoona. Umene wadutsa pamenepa ndi umene umatulutsidwa, ndipo amaulembanso pa intaneti kuti atolankhani a m'mizinda auone. Ndiye pali kaluso kena kamene kanapatsa njirayi mano: wodandaula amamaliza uthenga wake potchula nambala ya foni ya mkulu wa boma woyenera kukonza vutolo, n'kupempha omvera kuti amuimbire. Bwana amene kwa miyezi sanalabadire kalata ya amfumu amadzidzimuka foni yake ikulira kuchokera ku Delhi, ku Mumbai, ngakhale kunja kwa dziko, onse akufunsa za mjigo umodzi wa m'mudzi umene iye sanapondemo. Mijigo yambiri yakonzedwa motero, ndipo anthu ambiri alandira malipiro amene anagwirira ntchito pa ndondomeko ya boma yopereka ganyu kumidzi.

M'midzi ina ya m'nkhalangomo mulibe netiweki. Kumeneko munthu mmodzi amapita kumsika kumene foni imagwira, n'kukopera pulogalamu ya mawu, ndipo akabwerera amagawira anzake kudzera pa Bluetooth. Anthuwo anaipatsa dzina lakuti wailesi ya Bultoo. Mu 2014 bungwe la Index on Censorship la ku London linapatsa Choudhary mphoto chifukwa cha ntchitoyi.

Sikuti CGNet Swara inathetsa nkhondo kapena umphawi wa anthu a Gond. Imadalira thandizo la mabungwe, ndipo madandaulo ambiri amangokhala osayankhidwa. Komabe inasonyeza kuti kwa munthu wosadziwa kuwerenga, khomo lolowera m'nkhani ndi mawu apakamwa, ndiponso kuti mawuwo amalemera pokhapokha wina atawafufuza.

Kumpoto kwa dziko lomwelo, m'boma la Chitrakoot ku Uttar Pradesh, amayi a m'gulu la anthu onyozeka kwambiri, a Dalit, anayambitsa nyuzipepala ya Khabar Lahariya mu 2002. Ankailemba m'zilankhulo za kumudzi monga Bundeli, n'kumaigulitsa okha khomo ndi khomo. Cha m'ma 2016 anayamba kujambula nkhani zawo pa mafoni amakono n'kumaziika pa YouTube. Ena mwa iwo anali asanagwirepo foni yotere, ndipo kunyumba kwawo kunalibe magetsi otchajira. Lero makanema awo aonedwa kambirimbiri, ndipo filimu yofotokoza za moyo wawo inafika pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar mu 2022.

Njira ya mawu apakamwa si yachilendo kuno kwathu. Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 pothandiza amayi oyembekezera ndi olera ana, ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Woimba foni kumeneko amalankhula ndi wachipatala. Kuyambira 2014, woimba 321 pa Airtel amamvera uphungu wojambulidwa kale wa zaulimi, zaumoyo ndi zina m'Chichewa. Bungwe la Farm Radio Trust limalumikiza mapulogalamu a alimi pa wailesi ndi mafoni awo. Izi ndi nkhani zochokera kumwamba kupita pansi, zothandiza ndithu. Chimene chikadali chochepa ndi njira yobwerera, yoti mlimi wa ku Mchinji ajambulitse dandaulo lake la mavenda obera pa sikelo, lifufuzidwe, dziko lonse limve.

[Nyimbo pang'ono]

Masiku awiri a mu Epulo 2012 anasonyeza Amalawi kuti nthawi yobisa nkhani yaikulu yatha. Pa 5 Epulo, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakomoka ku nyumba ya boma ku Lilongwe n'kuthamangitsidwa naye ku Kamuzu Central Hospital. Boma linkanena kuti wapita ku South Africa kukalandira chithandizo. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa MBC n'kunena kuti wachiwiri kwa pulezidenti, Joyce Banda, sangatenge mpando. Koma pofika nthawi imeneyo mameseji, Facebook ndi nyuzipepala za pa intaneti zinali zitafalitsa kale kuti mtsogoleriyo wamwalira. Chilengezo cha boma chinatuluka pa 7 Epulo, anthu ambiri atadziwa kale, ndipo tsiku lomwelo Joyce Banda analumbira. Komiti yofufuza inadzatsimikiza kuti imfayo inachitika pa 5 pomwepo.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex zinayenda pa WhatsApp mlandu usanalowe n'komwe m'khoti. Mlanduwo utayamba, mawailesi ankauulutsa pompopompo ndi womasulira m'Chichewa, ndipo anthu ankaumvera m'maminibasi, m'misika ndi m'minda, ambiri pa foni. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo chofafaniza chisankhocho tsiku lonse, dziko lili tcheru. Pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, atolankhani ndi oyang'anira a zipani ankajambula pepala la zotsatira likangomatidwa, n'kulitumiza nthawi yomweyo. Kusintha nambala panjira yopita ku likulu kumavuta ngati anthu mazanamazana ali ndi chithunzi cha pepala loyambirira m'thumba.

Nyumba zofalitsa nkhani zina zinaona kumene anthu ali n'kuwatsatira komweko. Ku Zimbabwe, Nigel Mugamu anayambitsa 263Chat mu 2012. Dzinalo likuchokera ku nambala yoimbira dzikolo kuchokera kunja. Mu 2017 anayamba kukonza nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku yosasindikizidwa papepala, n'kumaitumiza m'magulu a WhatsApp. Nthawi imeneyo gulu limodzi linkalola anthu 256 okha, choncho anatsegula magulu ambirimbiri, ndipo ndalama zinkachokera kwa otsatsa malonda. Ku Johannesburg, mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, Simon Allison ndi Sipho Kings anayambitsa The Continent, nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ya nkhani za mu Africa. Masamba ake anayezedwa kuti akwane pa galasi la foni, ndi yaulere, ndipo amene wailandira amapemphedwa kuitumiza kwa anzake. Owerenga omwewo ndiwo amagwira ntchito imene kale inali ya galimoto yogawa nyuzipepala. Boma lofuna kuiletsa lilibe makina osindikizira oti likatseke, ngakhale tsamba limodzi loti litchinge.

Chifukwa chimene anasankhira WhatsApp chili m'thumba la wowerenga. Makampani a foni m'mayiko ambiri a kuno amagulitsa mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook motchipa kuposa bandulo ya intaneti yonse. Wogula bandulo yotere amaona mutu wa nkhani ndi chithunzi, koma akadina kuti awerenge yonse pa tsamba la nyuzipepala, foni imakana. Amatsala ndi mutu wokhawo, ndipo ndi umene amakakambirana ndi anzake pa bawo. Facebook inayesanso njira yake yopereka masamba ochepa mwaulere, yotchedwa Internet.org ndipo kenako Free Basics, imene inayambira ku Zambia mu Julayi 2014 n'kufika ku Malawi mu 2015. India inailetsa mu Febuluwale 2016 ponena kuti si bwino kampani imodzi kusankhira osauka zimene angawerenge. Mfundo ya India inali yomveka, ngakhale kuti kwa munthu wopanda khobidi kagawo kochepako kanali kabwino kuposa kusowa kalikonse.

Mtengo umasankhanso amene amve ndi amene atsalire. Mu 2015 boma la Malawi linaika msonkho wa 10 peresenti pa mameseji ndi intaneti ya pa foni, pamwamba pa msonkho wa VAT. Kumudzi kopanda magetsi, kutchajitsa foni pa sola ya pagolosale n'kolipira. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo imayenda ndi bambo, kotero mayi amamva zimene bamboyo wasankha kumuuza. Ndipo nthawi zina mudzi umamva za kwawo komweko kuchokera kwa mwana wawo amene ali ku Joni, chifukwa iye ndiye ali ndi intaneti yokwanira yotsatira zonse.

[Nyimbo pang'ono]

Tsopano mbali yowawa. Pa 1 Julayi 2018, amuna asanu a mtundu woyendayenda wopemphapempha anatsika basi m'mudzi wa Rainpada, m'chigawo cha Maharashtra ku India, tsiku la msika. Kwa masabata angapo anthu a m'deralo anali akulandira pa WhatsApp mauthenga onena za akuba ana. Kanema wina amene anafala kwambiri m'dzikomo ankaonetsa amuna awiri pa njinga yamoto akunyamula mwana pamsewu. Kanemayo anali sewero lojambulidwa ku Karachi, m'dziko la Pakistan, pochenjeza makolo, koma wina anadula mbali yomaliza yofotokoza kuti ndi sewero. Mmodzi wa alendo aja atalankhula ndi kamtsikana, khamu linawagwira n'kuwamenya mpaka kuwapha onse asanu. Imfa zotere zinachitika m'zigawo zingapo za India m'zaka za 2017 ndi 2018.

Ku Myanmar zinafika poipa kuposa apa. Kale kadi ya foni kumeneko inkagulidwa madola mazanamazana, mwinanso kuposa 1,000. Makampani a Telenor ndi Ooredoo atalowa mu 2014, mtengo unagwa kufika pa dola imodzi ndi theka, ndipo anthu mamiliyoni analowa pa intaneti nthawi imodzi, ambiri akuyesa kuti Facebook ndiyo intaneti yonse. Mabodza onyoza Asilamu a mtundu wa Rohingya anadzaza pamenepo, pamene kampaniyo inali ndi anthu owerengeka okha odziwa chilankhulo cha dzikolo oti aziona zolembedwa. Kuyambira Ogasiti 2017, a Rohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh pothawa asilikali. Ofufuza a United Nations ananena kuti Facebook inathandizira kufalitsa chidanicho, ndipo mu Novembala 2018 kampaniyo inavomera kuti sinachite zokwanira.

Amalawi sangamve izi ngati za kutali. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa, ndipo United Nations inachotsa antchito ake m'maboma ena. Foni si imene inabala mphekeserayi, pakuti inavutanso mu 2002 mafoni ali ochepa. Chimene foni inachita ndi kuifupikitsira ulendo. Uthenga wa mawu wa munthu wosadziwika, wolankhula mwamantha m'Chichewa chomveka bwino, wonena kuti wazionera yekha, umakhulupirika msanga chifukwa wabwera kudzera kwa mlamu kapena mnzako wa kutchalitchi. Wotumizayo amati akuchenjeza abale. Akadzazindikira kuti linali bodza, madzi atayika kale ndipo saoleka.

Eni WhatsApp sangathe kuwerenga mauthenga a anthu chifukwa amayenda otsekedwa kuchoka pa foni ina kufika pa inzake. Chimene anachita ndi kuchepetsa liwiro. Mu Julayi 2018 anayamba kuika chizindikiro pa uthenga wongopatsirana, ndipo ku India analamula kuti uthenga usatumizidwe kopitirira kasanu nthawi imodzi. Mu Januwale 2019 lamuloli linafika dziko lonse lapansi, ndipo mu Epulo 2020 uthenga umene wayendayenda kwambiri unayamba kuloledwa kupita kumalo amodzi okha pa nthawi. Atolankhani nawo analowa m'bwalo lomwelo. Nthawi ya Ebola, mu Okutobala 2014, BBC inatsegula nambala ya WhatsApp yotumizira anthu a kumadzulo kwa Africa mauthenga aafupi m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Bungwe la Africa Check, limene linayamba mu 2012 ku South Africa, linayambitsa mu 2019 pulogalamu ya mawu yoyenda pa WhatsApp yotsutsa mabodza amene omvera alitumizira. Ntchitoyi ndi yabwino, koma yambiri ili m'zilankhulo zazikulu. Bodza lolankhulidwa m'Chilomwe, m'Chisena kapena m'Chiyao kawirikawiri limakumana ndi wolitsutsa pokhapokha wailesi ya m'deralo italitola, monga Mzati ku Mulanje kapena Dzimwe ku Mangochi. N'chifukwa chake mawailesi ang'onoang'ono amenewa, amene ambiri amayenda ndi antchito ongodzipereka, akufunika kwambiri lero kuposa kale.

[Nyimbo pang'ono]

Maboma nawo anaphunzira msanga kuti foni ili ndi pozimitsira. Pa 1 ndi 2 Seputembala 2010, anthu a ku Maputo ndi Matola, ku Mozambique, anadzaza m'misewu pokwiya ndi kukwera kwa mtengo wa buledi ndi 30 peresenti. Panalibe chipani kapena bungwe lowatsogolera. Anaitanizana pa mameseji. Anthu 13 anafa. Boma linabweza mtengowo, koma m'masiku omwewo mameseji anasiya kuyenda pa Mcel ndi Vodacom, ndipo posakhalitsa kunatuluka lamulo loti kadi iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Malamulo otere afalikira pafupifupi mu Africa monse, ndipo ku Malawi kulembetsaku kunakhwimitsidwa mu 2018. Amathandiza kugwira akuba a pa foni, koma amatanthauzanso kuti wotsina khutu mtolankhani ali ndi dzina lolembedwa penapake. Mu Epulo 2022 apolisi anasunga mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism kwa maola angapo n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata chimene anagwiritsa ntchito pa nkhani yake.

Uganda inasankha njira ya msonkho. Kuyambira pa 1 Julayi 2018, wofuna kulowa pa WhatsApp, Facebook kapena Twitter ankalipira mashilingi 200 pa tsiku, ndipo Pulezidenti Yoweri Museveni ananena poyera kuti akufuna kuchepetsa miseche. Ogwiritsa ntchito intaneti anatsika ndi mamiliyoni, ena anaphunzira kuzemba pogwiritsa ntchito VPN, ndalama zimene boma linkayembekezera sizinakwane, ndipo mu 2021 msonkhowo unasinthidwa kukhala wa 12 peresenti pa bandulo iliyonse.

Ku Zimbabwe, mu Januwale 2019, mtengo wa mafuta utakwera kuposa kawiri ndipo anthu atayamba zionetsero, boma linalamula makampani kutseka intaneti yonse. Mabungwe a MISA Zimbabwe ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights anakamang'ala, ndipo pa 21 Januwale bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti nduna imene inalamulayo inalibe mphamvu zotero. Ku Zambia, pa tsiku la chisankho la 12 Ogasiti 2021, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinazima anthu ali pa mizere yovotera. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira kukhoti, ndipo tsiku lotsatira bwalo lalikulu ku Lusaka linalamula bungwe la ZICTA kuti litsegule.

Ku Mozambique nkhaniyi inabwereranso pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Venâncio Mondlane, amene ankatsutsa zotsatira, anatuluka m'dzikomo n'kumalankhula ndi omutsatira pompopompo pa Facebook, kuwauza tsiku loti akhale pakhomo, tsiku loti atseke misewu ndi ola loti aombe mapoto usiku. Kumapeto kwa mweziwo intaneti ya pa foni inayamba kuzimitsidwa, ndipo masamba a mchezo anatchingidwa kwa masabata angapo. Achinyamata a ku Maputo, Nampula ndi Tete anakopera ma VPN, ndipo amene waonera uthenga wa Mondlane ankaujambula n'kugawira anzake. Makanema a apolisi akuombera anthu, ojambulidwa pa mawindo ndi pa makonde a nyumba, ndi ena mwa maumboni amene mabungwe oona za ufulu wa anthu anagwiritsa ntchito powerengera ophedwa, amene anapitirira 300.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, nkhani idzakhala ya mawailesi a m'madera ndi momwe amapezera ndalama zoyendetsera ntchito yawo. Tsalani bwino.

[Nyimbo yotsekera]